Za grant ija mumandifunsa pa WhatsApp

Sipatha mwezi osalandira meseji ya mtundu uwu: "Achemwali, tamva zoti boma la America limapereka ndalama zaulere kwa ana ovutika a pa yunivesite, ndiye mwana wathuyu wakhoza bwino MSCE, mapointi 13, tamuonereni njira kumeneko." Sabata yathayi anali amalume anga a ku Balaka, voice note ya maminitsi 6, theka lake malonje ndi nkhani ya mvula ndi mtengo wa feteleza, kumapeto kwenikweni ndi pamene anafika pa mutu. Ndiye ndati mmalo moyankha mmodzimmodzi ndingolemba kamodzi pano, wofunsa aliyense ndizingomuponyera link basi.

Ndiyambe ndi chowawa kuti tithane nacho. Ndalamazo zilipodi, si bodza ayi, ine ndemwe ndinaphunzira nazo. Koma ndi za nzika za America, anthu a green card, othawa kwawo amene boma linawalandira, ndi timagulu tina tochepa totero. Mwana wochoka ku Malawi pa viza ya sukulu, F-1 ija, sazilawa olo senti imodzi, ndipotu iyeyo asanapatsidwe vizayo amayenera kuonetsa kuti ndalama za chaka choyamba zilipo kale. Ndiye wina akakuuzani kuti tumizani ma 200 sauzande pa foni ndikulembetsereni ndalamazi, zotchedwa Pell Grant, inu muli ku Ndirande, ameneyo ndi mbava, mblokeni tsiku lomwelo.

Koma chimene chandikhazika pansi kulemba si chimenecho kwenikweni. Ndaona kuti ngakhale a Malawi anzanga amene tili konkuno ku America, a mapepala awo abwinobwino, ambiri amangodziwa mtundu umodzi wa ndalamazi. Pali ndalama zimene zimatsata mwana wasukulu, akasamuka koleji nazonso zimasamuka naye, ndiye pali zina zimene boma la ku Washington limapereka ku sukuluyo kuti ilembe anthu ntchito yosamalira ana amene popanda wowagwira dzanja angathere panjira. Zoyambazo aliyense amazitchula. Zachiwirizi sizioneka mu akaunti yako, sizibwera ndi cheke, moti utha kumaliza sukulu osadziwa kuti zinalipo, koma ine ndi zimene zinandipulumutsa.

Ndinabwera kuno mu 2014 ndi green card ya lotale ija, ine ndi mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 5. Tinafikira ku Indiana, chifukwa nanga mMalawi angafikire kuti, kumeneko ndi kumene kuli abale. Ntchito yake ndi yomwe ija tonse timayambira, ya CNA, kusambitsa ndi kudyetsa agogo ku nyumba zosungira okalamba, shifiti ya usiku kuyambira 11 mpaka 7 mmawa. Nditagwira zaka ziwiri msana unayamba kundiuza kuti mayi iwe ganizira zina. Mnzanga wina wa ku Kenya amene tinkagwira limodzi ndi amene anandikhazika pa kompyuta ya kuntchito cha mma 3 koloko usiku, agogo onse atagona, nkundilembetsa FAFSA. Imeneyi ndi fomu ya boma imene umalembamo ndalama zimene umapeza, ndipo ndi khomo la chilichonse, grant, loni, ngakhale thandizo la ma state ambiri limadzera pomwepo. Kulemba kwake ndi kwaulere. Poti ndinali nditapitirira zaka 24 komanso ndili ndi mwana, sanafune za makolo anga, anangoona za ine ndekha.

Patapita masabata angapo koleji inandiyankha kuti ndapeza Pell Grant. Chaka chimenecho, 2016 kulowa 2017, yapamwamba kwambiri inali madola 5,815 pa chaka, mu 2025 inali pa 7,395. Siibwezedwa, si ngongole. Dzinalo ndi la senete wina wa ku Rhode Island, Claiborne Pell, amene analimbikira nkhaniyi mpaka inakhala lamulo mu 1972, ndipo dzina lakelo analiikapo mu 1980. Anthu oposa 6 miliyoni amailandira chaka chilichonse. Pa community college, makoleji a zaka ziwiri aja, inandikwanira fizi yonse nkutsalako kachenji ka mabuku, koma musanamizidwe, pa yunivesite ya zaka zinayi ndi dontho chabe. Mzaka za mma 1970 Pell inkalipira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mtengo wonse wa yunivesite ya boma, lero siifika olo gawo limodzi mwa atatu, fizi inathamanga, Pell ikubwera pambuyo wapansi.

Semesita yoyamba ndinkangoyenda ngati nkhuku yachilendo. Kutuluka kuntchito 7, kuperekeza mwana ku basi ya sukulu, kalasi 9 koloko maso ali psuu. Chizungu ndimachidziwa, ndinakhoza bwino pa MSCE, koma cha pa koleji pano ndi china, credit hour, prerequisite, syllabus, office hours. Ine office hours ndinkaganiza kuti ndi nthawi imene aphunzitsi ali bize mu ofesi ndiye osawasokoneza, kumeneko kuli kulemekeza kwa kwathu eti, osadziwa kuti ndi nthawi imene akhalira dala kudikira kuti ife tipite ndi mafunso. Semesita yonse sindinagogode chitseko cha mphunzitsi aliyense. Masamu ndinapeza D.

Kaofesi kaja ndinakapeza chifukwa cha njala, ndisaname. Panali pepala pakhoma lolembedwa kuti TRIO, pansi pake free pizza, Lachitatu 12 koloko. Ndinalowa kuti ndidye ndizipita. Kanali kachipinda kapansi pa laibulale, makompyuta asanu, microwave, sofa yakutha, ndi mayi wina wachikuda wa zaka za mma 50 wovala magalasi a chingwe, dzina sinditchula, tingoti Mayi a ku TRIO. Anandipatsa fomu ya tsamba limodzi. Funso lina linali loti kodi bambo kapena mayi ako ali ndi digiri ya zaka zinayi. Ndinati ayi koma bambo anga anali aphunzitsi a pulayimale zaka 30, anapita ku TTC. Iwo anati ndi digiri? Ndinati satifiketi. Anati ndiye ndiwe first generation, woyamba m'banja mwanu. Kenako anayang'ana pepala langa la msonkho nkunena kuti komanso ndiwe low income.

Zinandiwawatu. Kwathu ife tinali ana a aphunzitsi, nyumba ya malata, nsapato kuphazi, Lamulungu mpunga, anthu ankabwera kwathu kudzalembetsa makalata, ndiye lero mayi uyu akundiika mgulu la ovutika? Ndinatsala pang'ono kuisiya fomuyo pa tebulo. Koma pizza ndinali nditadya kale ma pisi awiri, manyazi anandigwira, ndinasaina.

Pambuyo pake ndi pamene ndinamvetsa kuti TRIO ndi chiyani. Ndi mapulogalamu a Dipatimenti ya Maphunziro ya boma lalikulu, anayamba nthawi ya pulezidenti Lyndon Johnson ndi nkhondo yake yolimbana ndi umphawi. Woyamba unali Upward Bound mu 1964, wa ana a sekondale, kenako Talent Search mu 1965, kenako mu 1968 uwu ndinalowa ine, umene pano amautcha Student Support Services, wa anthu amene ali kale pa koleji. Atakwana atatu ndi pamene anthu anayamba kunena kuti TRIO, ndipo dzinalo linakanirira ngakhale pano alipo 8. Johnson yemweyo asanalowe ndale anaphunzitsako ana osauka a makolo ochokera ku Mexico mkatauni kotchedwa Cotulla ku Texas, ndipo lamulo lalikulu la Higher Education Act anakalisainira pa koleji imene iye anaphunzira ku San Marcos, pa 8 Novembala 1965. Munthu yemweyo ndi amene anakuza nkhondo ya ku Vietnam, ndiye sindikumupanga woyera ayi, koma pa ichi chokha anaona patali.

Kayendetsedwe kake ndi kotere. Sukulu imalemba proposal yaikulu kupikisana ndi masukulu ena dziko lonse, ikapambana imapatsidwa ndalama za zaka zisanu, ndipo imalonjeza kuti tisamalira ana mwakuti, mwa amenewa mwakuti apitiriza chaka chamawa, mwakuti amaliza. Chaka chilichonse amapereka lipoti. Magawo awiri mwa atatu a ana a mu pulogalamuyo ayenera kukhala osauka komanso oyamba m'banja mwawo, kapena olumala, ndipo osauka apa akutanthauza kuti ndalama za banja zimene zimadulidwa msonkho sizipitirira kamodzi ndi theka ka mzere wa umphawi umene boma limaika. Ndalamazo zimalipira alangizi ngati Mayi aja, ma tutor, maulendo okaona mayunivesite, nthawi zina kandalama kowonjezera kwa amene ali kale pa Pell. Dziko lonse TRIO imadya pafupifupi madola 1.2 biliyoni pa chaka ndipo imafikira anthu oposa 800,000. Zikumveka zambiri koma kuyerekeza ndi oyenerera ndi ochepa zedi, pa koleji pathu malo anali osakwana 200 pamene ana a Pell tinali masauzande.

Mayi aja chinthu choyamba anandichotsa mu kalasi imodzi imene ndinalembetsa mosadziwa, yosawerengedwa nkomwe pa nesing'i. Anandiuza kuti Pell ili ndi malire, masemesita 12 moyo wako wonse, ukaimwaza pa makalasi osafunika siibwerera. Anandiuzanso za chinthu chotchedwa SAP, kuti giredi yako ikatsika pansi pa 2.0 kapena ukamasiya makalasi ambiri osamaliza, thandizo lonse limaimitsidwa. Ine zonsezi sindinkazidziwa, zinali mu imelo ina imene sindinatsegule. Anandipezera tutor wa masamu, kamnyamata ka zaka 19 kamene kankanditcha Miss, ndipo tsiku lina anandinyamula okha mpaka pa chitseko cha mphunzitsi wa chemistry, nkugogoda iwo, nkundikankhira mkati.

Ndiye kunabwera Okutobala wa 2017.

Foni inalira 4 koloko mbandakucha ndili kuntchito, ndikusintha machira a gogo wina. Nditaona kuti ndi achimwene anga akuimba mwachindunji osati pa WhatsApp ndinadziwiratu. Amayi anali atatisiya, BP, anagwa akuchokera kudimba. Inu amene muli kunja mukudziwa mmene zimakhalira, maliro a kumudzi sadikira munthu, kunalibe zoti tisunge thupi sabata yonse, mawa lake anaika ine ndikumvera nyimbo pa foni ya msuweni wanga, netiweki ikudukaduka, ndili pansi pa kapeti mu apatimenti. A Malawi anzathu anabwera, anasonkha, anaphika, anagona nane masiku atatu monga timachitira. Koma mtima wanga unali utachoka. Ndinati sukulu basi yatha, ndikupita kumudzi ndikaone manda, zina zonse tidzaona.

Lolemba ndinapita pa koleji ndi cholinga chimodzi, kukadina batani la withdraw pa makalasi onse anayi. Kompyuta ya kunyumba inali itafa ndiye ndinalowa mu kaofesi kaja kuti ndigwiritse ntchito yawo. Mayi aja anandiona nkhope, anatseka chitseko, ndinalira mwina maminitsi 20 iwo osayankhula kanthu, anangondisuntha bokosi la tishu. Nditatonthola anafunsa dzina la amayi anga, ndinawauza, anayesa kulitchula katatu mpaka analikhoza. Kenako anatenga kalendala ya pakhoma nkuiika pa tebulo, nkuyamba kuwerenga masiku ndi cholembera.

Anati tamvera, kupita upita, palibe amene akukuletsa. Koma ukasiya makalasi onse lero, semesita isanafike pa 60 peresenti, lamulo limati gawo la Pell limene sunaligwiritse ntchito libwerere ku boma, ndiye koleji ikabweza idzakulembera iwe bilu, ndipo bilu imeneyo usanalipire sudzalembetsanso kalasi. Komanso ma W anayi, chizindikiro cha withdraw, pa transcript akugwetsa pa SAP. Anati ndaona anthu ambiri akutuluka pakhomo ili kuti ndibwera semesita yamawa, nkubwerako patatha zaka 6 kapena osabweranso, osati chifukwa cha nzeru ayi, chifukwa cha bilu ya madola 900. Ndiye anatenga foni, anaimbira aphunzitsi anga mmodzimmodzi ine ndili pompo. Awiri anavomera kuti ndidzalemba mayeso ndikabwerako. Wa English anati ndizitumiza pa imelo. Wa anatomy anavuta pang'ono chifukwa cha ma lab, mapeto ake tinagwirizana zoti andipatse incomplete ndidzamalize Januwale. Anandilembetsanso kathumba ka ngozi ka pa kolejipo, osati ka boma, kamene sindinkadziwa kuti kaliko, anandipatsa madola 500 amene anathandizira pa tikiti.

Ndinapita masiku 12. Ndinaona manda, ndinakhala ndi abambo pakhonde, ndinadya nsima ya mgaiwa ndi chisoso, ndinabwerako. Batani lija sindinadine. Mu 2019 ndinamaliza nesing'i ya zaka ziwiri, mu 2022 digiri yonse, pano ndine RN, nesi wovomerezeka, ndimagwira masana.

Ndiye anthu akamati vuto la mwana wosauka ndi fizi basi, ine ndimati eee komanso ayi. Fizi yanga inali italipiridwa kale tsiku limenelo. Chimene chinasowa chinali munthu wodziwa malamulo a nyumbayo amene ali mbali yanga. Mwana wa dokotala akafuna kusiya sukulu amaimbira bambo ake, bambo ake amadziwa kuti pali chinthu chotchedwa incomplete. Ine ndikanaimbira ndani? Ngakhale kwathu nkhani ya ana a ku Chanco kapena LUANAR osiya sukulu timangoiona ngati ya Loans Board, wapeza loni kapena sanapeze, koma mwana wochoka ku CDSS ya kumudzi amene sanagwirepo kompyuta, akafika pa kampasi amamulandira ndani? Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chimene chimandikwiyitsa ndi choti ntchito ya anthu ngati Mayi aja imapachikika pa ulusi. Zaka zisanu zikatha ayambirenso kupikisana, akalephera ndi mapointi ochepa ofesi yatsekedwa, anthu ntchito yatha, ana abalalika. Mu 2017 momwemo Dipatimenti ya Maphunziro inakana ma proposal ambirimbiri a Upward Bound osawawerenga nkomwe, chifukwa cha kakonzedwe ka tsamba. Yunivesite ya Maine ku Presque Isle inakanidwa poti mizere ya mu tizithunzi tiwiri inali yothinana pang'ono kusiyana ndi mmene lamulo linanenera. Ya Montana nayo nkhani yake yomweyo, tsamba la bajeti. Tangoganizani, ana mazana ataye thandizo chifukwa cha mpata wa pakati pa mizere! Maseneta a zipani zonse anachita phokoso mpaka a dipatimenti anabwerera mmbuyo nkuwawerenga. Ine ndinkaganiza kuti zoti bwerani mawa fomu yanu yasowa sitampu ndi za kwathu kokha.

Mu 2025 zinafika poipa. Bajeti imene boma la Trump linapempha ya 2026 inati TRIO yonse ichotsedwe pamodzi ndi pulogalamu inzake ya GEAR UP, ati ndi zinthu zamakedzana, masukulu azilipira okha. Mfundo yoti masukulu azilipira okha ndimaimva ndithu, yunivesite yokhala ndi mabiliyoni mu thumba lake ilibe chifukwa chodikira Washington kuti ilembe mlangizi. Koma ana osauka ambiri sali ku Harvard, ali pa makoleji ngati amene ndinaphunzira ine, kumene denga la laibulale limadontha. Chosangalatsa ndi choti TRIO ili ndi abwenzi mbali zonse ziwiri mu Congress, chifukwa siiyang'ana khungu, imayang'ana thumba ndi sukulu ya makolo, ndiye mzungu wosauka wa kumapiri a West Virginia amalowa chimodzimodzi ndi ine wa ku Balaka. Mu kaofesi kathu kaja azungu analipo ambiri, ena akale usilikali, ena amayi a zaka 40 amene fakitale inatsekedwa.

Pali mtsinje winanso wa ndalama zopita ku masukulu, umene uli mu zigawo za lamulo lomwe lija zotchedwa Title III ndi Title V. Izi sizilipira pulogalamu imodzi, zimalimbitsa sukulu yonse, ma lab, laibulale, kuphunzitsa aphunzitsi. Zina zimapita ku masukulu a anthu akuda akalekale, ma HBCU, amene anakhazikitsidwa chisanafike chaka cha 1964 nthawi imene wakuda sankaloledwa mmasukulu ambiri a azungu, alipo pafupifupi 100. Apa ife a Malawi tisamaone ngati za eni. John Chilembwe atapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 anakaphunzira pa sukulu ya anthu akuda ku Lynchburg, Virginia. Kamuzu anayambira ku Wilberforce ku Ohio, anadutsako pa Indiana University konkuno kwathu, kenako Chicago, ndipo udokotala anautenga ku Meharry Medical College ku Nashville mu 1937, imene mpaka lero ndi HBCU. Masukulu amenewa anatsegulira anthu athu zitseko iwo eni ali pa umphawi. Ndipo umphawiwo sunali wangozi. Mu Seputembala 2023 nduna ziwiri za boma la Biden, ya maphunziro ndi ya ulimi, zinalembera abwanamkubwa a ma state 16 kuwauza kuti pa zaka zoposa 30 anamana ma HBCU awo a zaulimi ndalama zoposa madola 12 biliyoni poyerekeza ndi zimene anapatsa mayunivesite anzawo. Tennessee State yokha 2.1 biliyoni.

Zina zinkapita ku masukulu amene ali ndi ana ambiri a mtundu wakuti, monga ma HSI, kumene ana 25 mwa 100 alionse kapena kuposa ndi a Hispanic, a mizu ya kumayiko olankhula Chisipanishi. Apa ndi pamene pali ndewu. Khoti lalikulu litagamula mu Juni 2023 kuti mayunivesite asamayang'ane mtundu posankha ana, gulu lomwe linapambana mlanduwo pamodzi ndi state ya Tennessee linakasumiranso pulogalamu ya ma HSI mu 2025, boma linati ife sitiiteteza kukhoti, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho dipatimenti inalengeza kuti yaimitsa pafupifupi madola 350 miliyoni a ma grant a mtundu umenewu. Patangopita masiku ochepa inalengeza zowonjezera pafupifupi 500 miliyoni ku ma HBCU ndi makoleji a ma Native American. Kulanda mbale ya mwana uyu kupatsa uyo, onse anjala. Ife amene tinakula ndi mkangano wa kota kwathu tikudziwa mmene nkhani yowerenga anthu ndi kumene achokera imawawira, ndipo ndikuvomereza kuti mzere wa 25 peresenti ndi wosamveka bwino, sukulu ya 24 ilibe kanthu ya 25 ili ndi mamiliyoni. Koma ndalamazo zikafika pa sukulu, lab imene amanga amalowamo aliyense, tutor safunsa pasipoti. Akanafuna akanasintha muyezo nkuyang'ana umphawi, osati kungodula pakati pa chaka anthu atalembedwa kale ntchito.

Sikuti zonse za ndalamazi ndi zokoma. FAFSA yatsopano imene ankati ikhala yophweka inatuluka kumapeto kwa Disembala 2023 mmalo mwa 1 Okutobala, ili ndi mavuto thoo, ana ambiri anafika nthawi yosankha sukulu asakudziwa kuti apatsidwa zingati. Palinso masukulu a bizinesi amene amasaka dala anthu a Pell ndi ma loni, otsatsa pa TV masana aja. ITT Tech, imene likulu lake linali konkuno ku Indiana, inatseka makampasi ake onse mu Seputembala 2016 boma litaikhwimitsira malamulo, ana masauzande anatsala ndi ngongole ndi ma credit amene masukulu ena ankawakana. Ndiye sukulu ikamakuimbira foni katatu pa tsiku kuti bwera udzasaine lero, thawa.

Kwa inu muli konkuno ndi green card kapena ana anu anabadwira kuno, lembani FAFSA chaka chilichonse olo mukuganiza kuti simupeza kanthu, ndipo sabata yoyamba yeniyeni funsani kuti ofesi ya TRIO kapena Student Support Services ili kuti, malo amatha msanga. Si sukulu iliyonse ili nayo. Amene akufuna kudzafika pa PhD afunse za McNair, pulogalamu ya TRIO yomweyo, dzina lake ndi la Ronald McNair, wakuda wa ku Lake City, South Carolina, amene ali mwana anamukaniza kubwereka mabuku mu laibulale ya mtauni mwawo chifukwa cha khungu, nkudzatenga PhD ya physics ku MIT, nkudzafera mu chombo cha Challenger mu Januwale 1986. Kwa amalume ndi ena muli kumudzi, njira ya mwana wanu ndi ma scholarship a masukulu eni ake, ndipo a EducationUSA ku Lilongwe amalangiza za zimenezi, yambirani kumeneko osati kwa ma agent a pa Facebook.

Mayi aja anapuma ntchito chaka chatha, timalemberanabe pa Khirisimasi. Mwana wanga uja pano ali ndi zaka 16. Mwezi wathawu anabwera ndi fomu ya Upward Bound, ati anzake awiri alimo, nthawi ya holide yaikulu amakagona pa kampasi masabata 6, amapita maulendo, iyenso akufuna. Tinakhala pa tebulo kulemba. Tinafika pa funso lomwe lija, kodi bambo kapena mayi ako ali ndi digiri ya zaka zinayi. Anandiyang'ana, nkuchonga kuti eya. Pa ndalama naponso tinapitirira mzere. Ndinamuuza kuti mwanawe apa sulowa. Anakwiya zenizeni, anati ndiye mwandilakwira bwanji amayi, nkukadzitsekera kuchipinda. Fomuyo ikadali pa furiji, ndaipanikiza ndi maginito.